Mwaonera filimu yanji masiku ano? Ikani malikisi pa 10

kabaza_mbaluku analemba:

Moni nonse a pa Boma pano ndi amene muli kunja kwa Mangochi. Funso langa ndi ili, mwezi uno mwaonera filimu yanji, kaya yakale kaya yatsopano, ndipo mukuipatsa zingati pa 10? Ndikufunsa chifukwa ndatopa ndi kungothiridwa chilichonse mu flashi, ukapita ku baning'i mnyamata amangoti iyi yafika kumene iyi ndi moto, ukafika kunyumba theka lake mbola zokhazokha, ndiye bola timve kwa anthu amene mwaonera ndi maso anu.

Ndiyambe ine. Ndaonera John Wick 4 ya 2023 ija, ndikuipatsa 6. Kumenyana kulimo kwabwino sindikana, makamaka Donnie Yen amene akusewera ngati wakhungu koma akumenya anthu ndi ndodo, komanso pa masitepe paja ku Paris pamene John Wick amakwera mpaka kumwamba kenako nkumugubuduza mpaka pansi. Koma filimu yake yatalika, pafupifupi maola atatu, ndipo mukandifunsa kuti nkhani yake ndi yotani ndingoti munthu akuwombera anthu basi. Anthu akugwa ambirimbiri koma mtima sukupweteka ngakhale pamodzi.

Kenako ndinabwerera ku Commando ya 1985, ya Arnold. Imeneyi 8 osachotsera. Amuba mwana wake wamkazi, bambo anyamuka kukamutenga, nkhani yomveka ngakhale kwa agogo oti Chizungu sachidziwa, ndipo ola limodzi ndi theka yatha. Enter the Dragon ya 1973 ndiye 9, chipinda cha magalasi chija mpaka lero ndimaonera nditaimirira. Zimandimvetsa chisoni kuti Bruce Lee anamwalira chaka chomwecho filimu isanatuluke, sanaone mmene dziko linamukondera.

Ine maganizo anga ndi oti akale ankadziwa kufotokoza nkhani, atsopanowa achulutsa phokoso ndi makompyuta. Koma mwina ndi ukalamba ukundiyankhulitsa, tandiuzani inu.

anti_wa_usipa anayankha:

Achimwene mwafunsa bwino. Ine zomenyanazo ndimangoonera chifukwa ana ayika, mtima wanga suli kumeneko. Sabata yatha mwera unavuta, mabwato sanalowe, ndiye kunalibe choyanika pa thandala, ndinakhala pansi nkuonera Neria ya ku Zimbabwe ya 1993. Imeneyo 10 pa 10 ndipo pakanakhala 11 ndikanaipatsa.

Amene simunaionere, ndi nkhani ya mayi woti iye ndi mwamuna wake anavutika limodzi kumanga nyumba mtauni, mwamuna wamwalira pa ngozi, mlamu wake Phineas wabwera kudzatenga zonse, buku la ku banki, katundu, galimoto, mpaka ana. Ndipo chimene chimandigwira mtima ndi choti mlamuyo sakudziona ngati wakuba ayi, akuti ndi mwambo, akuti ndikusamala za mchimwene wanga. Ndi mmene amayankhulira anthu olanda chuma cha masiye kulikonse. Ine ndinazionapo ndi maso kwa mnzanga wina wa geni yomweyi ya usipa, mwamuna atangoikidwa m'manda achibale anabwera kudzatenga injini ya bwato ndi chilimira, mayi anatsala ndi mapoto ndi mphasa, pomwe ndalama yogulira injiniyo ina inachokera mu usipa womwe mayiyo ankakagulitsa ku Limbe atakwera pamwamba pa matumba usiku wonse. Ndiye poonera Neria ndinalira ngati ndikuionera koyamba.

Oliver Mtukudzi alimo, akusewera ngati mlongo wake wa Neria, ndipo akayamba kuyimba nyimbo ija ndi gitala simungapirire. Anatisiya mu 2019 bambo ameneyu. Chomwe ndimakondera filimuyi nchoti Neria sanangokhala nkumalira, anapita ku khoti ndipo anawina. Azimayi anzanga dziwani kuti kwathu kuno lamulo lilipo, la 2011 la chuma cha masiye, kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Filimu imeneyi bwenzi akumaionetsa m'magulu a banki mkhonde.

Yoseketsa ndaonera Osuofia in London ya Nkem Owoh, ndi 7. Ndinaseka koma osati ngati kale, mwina chifukwa ndikudziwa kale pomwe nthabwala ikudzera.

mfana_wa_monkeybay anayankha:

Ankolo a kabaza ndi ulemu wonse koma apa sindikugwirizana nanu. Inu mukukonda Commando chifukwa munaionera muli mwana mu vidiyo sho mutakhala pa benchi ndi anzanu, mukukonda nthawiyo osati filimu yokha. Taioneraninso bwinobwino kumapeto kuja, asilikali gulu lonse akuwombera munthu mmodzi ataima poyera opanda malaya, palibe chipolopolo chomukhudza zenizeni. Ine ndiipatsa 6.

Mukati atsopano alibe nkhani ndiye kuti simunaonere RRR. Ndi ya ku India ya 2022, yachi Telugu, maola atatu koma sumva kutalika. Azungu atsamunda atenga kamtsikana kumudzi, Bheem wanyamuka kukafuna, wapalana ubwenzi ndi Raju osadziwa kuti mnzakeyo ndi wapolisi amene watumidwa kuti amugwire. Ndiye iwe woonera ukudziwa, iwo sakudziwa, mtima uli phaphapha kudikira tsiku lomwe adzazindikirane. Imeneyo si nkhani? Ndipo ndi nkhani yomweyo ya Commando yokatenga mwana wobedwa koma iyi ili ndi ubale mkati. Pali pomwe amatsegula lole usiku nkutulukamo akambuku ndi nyama zina pa phwando la azungu, kunyumba kwathu tonse tinakuwa mpaka aneba anabwera kudzafunsa. Nyimbo yake ya Naatu Naatu inawina Oscar mu 2023. Ine 9.5.

Extraction ya 2020 ya Chris Hemsworth ndi 7, yachiwiri ya 2023 ndi 7 yomweyo, zabwino poonera koma mawa waiwala. Black Panther yoyamba 8, yachiwiri 6 chifukwa Chadwick Boseman kulibe ndipo kusowa kwake kukuoneka paliponse.

Koma nkhani ina ndifunse, inu mumaonera omasulira m'Chichewa kapena oyambirira? Chifukwa ine ndaona kuti filimu imodzimodzi malikisi amasintha. Ma DJ ena amamasulira bwino, agogo anga amatsata filimu yaku China kuyambira poyamba mpaka pomaliza chifukwa cha iwowo, ndipo zimenezo ndi zaphindu sitinganyoze. Koma ena amangopeka, sitaring'i akulira maliro a mayi ake DJ akuti akudandaula za ngongole ya katapila, anthu mu sho akuseka pamalo poti alire. RRR musaonere yomasulira koyamba chonde, pezani ya mawu olembedwa pansi.

aphunzitsi_namwera anayankha:

Zikomo poyambitsa nkhaniyi. Ine ndimaonera pang'ono chifukwa kuno magetsi amavuta ndipo bandulo ya intaneti siichedwa kutha, koma tchuthi chapitachi ndaonera awiri.

Yoyamba ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, mnyamata amene anapanga makina amphepo opangira magetsi. Ndikudziwa ambiri munaitaya chifukwa cha Chichewa chake, ndipo ndi zoona, Chiwetel Ejiofor amene anaikonza nkuseweranso ngati bambo ake a William ndi wa ku Britain, mnyamata Maxwell Simba ndi wa ku Kenya, mayi ake Aïssa Maïga nawonso si wakuno, ndiye mawu ena umachita kuwerenga Chizungu pansi kuti umve Chichewa chako chomwe. Lily Banda akangotsegula pakamwa khutu limapuma. Pamenepo ndachotsa 2. Koma zotsalazo anazigwira. Njala ya 2001 mpaka 2002 amene tinaiona tikudziwa kuti sanakokomeze, anthu kukanganirana pa mzere wa chimanga, banja kudya kamodzi patsiku nkumakambirana kuti chakudyacho chikhale cha nthawi yanji, galu uja Khamba kufa ndi njala. Ndipo monga mphunzitsi pomwe panandilasa ndi pomwe mwana akuthamangitsidwa chifukwa cha fizi iye nkumazembera ku laibulale. Ana otere tili nawo m'makalasi mwathu, wina anzeru zoopsa koma temu yachiwiri sumuonanso, ukafunsa akuti wapita ku Joni kapena ali kunyanja.

Chimodzi choti mudziwe, mufilimu makina amphepo aja akuoneka ngati anayamba ndi kupopa madzi a m'munda, koma pa moyo weniweni oyambawo ankayatsa mababu ndi wailesi kunyumba, zopopa madzi zinabwera pambuyo. Sindikuwadzudzula, filimu imafuna mathero oti anthu aone mbewu zikumera. Ndaipatsa 8.

Yachiwiri The Woman King ya 2022, Viola Davis ndi Thuso Mbedu wa ku South Africa. Asilikali achizimayi a ufumu wa Dahomey, komwe lero ndi Benin, nkhani yake ikuchitika mu 1823 nthawi ya mfumu Ghezo. Kusewera kwake ndi kwapamwamba, Thuso makamaka. Koma ndaipatsa 7 chifukwa afewetsa mbiri. Dahomey inalemera ndi kugulitsa akapolo ndipo inapitiriza zaka zambiri pambuyo pa nthawi imene filimu ikuonetsa, pomwe woonera amatuluka akuganiza kuti anasiya nkuyamba mafuta a kanjedza. Ife a Mangochi nkhani imeneyi si yachilendo, malonda a akapolo anadutsa pompano, Boma lomweli linayamba ngati Fort Johnston mu 1891 pofuna kutseka njira imeneyo pa Shire. Mbiri yotere imawawa koma mwana wa sukulu ayenera kuimva yonse osati theka.

Sarafina ya 1992 ndimaionetsa ana chaka chilichonse pafupi ndi 16 June, tsiku lokumbukira ana a sukulu a ku Soweto, imeneyo sindiika malikisi, ili payokha.

mwana_wa_msodzi anayankha:

Ndawerenga zonse ndipo ndadabwa kuti anthu a Mangochi mwatchula India, America, Zimbabwe, Nigeria koma palibe watchula The Last Fishing Boat. Filimu ya Shemu Joyah ya 2012, nkhani ya nyanja yathu yomweyi, anthu ake ndi a Yusufu, Abiti Anefa, Mustafa, mayina oti ukaitana pa msika wa Makawa anthu angapo atembenuka.

Ndinaionera posachedwa pa laputopu ya msuweni wanga limodzi ndi bambo anga, iwo ndi munthu woti sakhala pansi kuonera filimu, amati ndi zotayitsa nthawi, koma tsiku limenelo anakhala mpaka kumapeto tiyi anazizira mu kapu. Yusufu anali msodzi wotchuka koma nsomba zatha m'nyanja, ulemu wake ukutha limodzi ndi nsombazo, mwana wake safuna za ukonde wasankha kumaperekeza azungu odzaona nyanja ndipo zomwe akuchita ndi azunguwo si zoperekeza zokha, kenako mzungu wina wayamba kusirira mkazi wake wachitatu Abiti Anefa nkumamunyengerera ndi ndalama. Hope Chisanu ndi amene anasewera Yusufu, Flora Suya ndi Abiti Anefa. Flora sayankhula zambiri koma nkhope yake imanena zonse, mmene amagwetsera maso pansi, mmene amakokera mpango, ndi mmene amachitira azimayi akwathu ndithu.

Itatha bambo anangoti, ameneyu wanena zoona. Kenako anayamba kufotokoza mmene chambo chinkachulukira ku Malombe iwo ali mnyamata, kuti kukoka kamodzi kokha mudzi wonse unkadya nkutsalako zogawira alendo, pomwe lero munthu ugona pamadzi usiku wonse ndi nyali, mafuta a injini wagula pa ngongole, mmawa ubwera ndi usipa woti sukubweza ngakhale mafutawo. Anadandaulanso za maukonde a udzudzu omwe anthu akukokera m'mbali mwa nyanja, akutenga ndi ana a nsomba omwe, komanso oti nyanja ikatsekedwa kumapeto kwa chaka kuti chambo chiswane ena amalowabe usiku. Zonsezi anayankhula chifukwa cha filimu, zinthu zoti sanandiuzepo chikhalire. Ndiye mukandifunsa malikisi ndingati 9. Ndachotsa 1 chifukwa pena imayenda pang'onopang'ono, komanso Chizungu chachuluka pakamwa pa anthu oti kwathu kuno akanayankhula Chiyao kapena Chichewa.

Ena amadana nayo akuti yatichititsa manyazi, yaonetsa za anyamata a m'mphepete mwa nyanja ndi azungu. Koma amene tinakulira kufupi ndi malo ogona alendo tikudziwa kuti zimenezo ziliko, ku Cape Maclear ziliko, kuno ku Nkopola ziliko. Kubisa sikuthandiza mwana amene akusiya sukulu chifukwa waona mnzake wapatsidwa foni ndi mzungu.

Zina za Joyah yemweyo, Seasons of a Life ndi 8, ya mtsikana wantchito amene anapatsidwa mimba ndi bwana kenako nkudzabwera ataphunzira kudzafuna mwana wake. The Road to Sunrise ya 2017 ndi 8 yomweyo, ya atsikana oyendayenda ku Blantyre, imeneyi inawina mphoto ku Nigeria mu 2018 ngati filimu yabwino ya kumwera kwa Africa. Osaonera ndi ana. Fatsani ya Gift Sukez Sukali ndi 7, kamtsikana kogulitsa nthochi mumsewu sukulu yawo itatsekedwa, zithunzi zake ndi zoyera bwino kwambiri.

Chondipweteka nchoti mafilimu amenewa kuwapeza ndi ntchito. Pita ku baning'i iliyonse pa Boma ufunse ya ku China yomasulira akupatsa mafoda ndi mafoda, ufunse ya Joyah akuyang'ana ngati wafunsa mankhwala. Ndipo ngakhale ataipeza, kukopera mu flashi mwini wake sapezapo kanthu, ndiye adzajambula bwanji ina? Ine ndikanakonda pakanakhala njira yoti tilipire pa foni ngakhale kangachepe ndalama ifike kwa mwini filimu.

kabaza_mbaluku anayankha:

Ayi ndaphunzira zambiri. Mfana wa ku Monkey Bay, RRR ndiifuna ndithu koma Commando usainyoze, 8 yanga ili pomwepo. Zomasulira ine ndimaonera ndikakhala ndi banja chifukwa mayi a kunyumba amafuna azimva, ndikakhala ndekha ndimafuna yoyambirira.

Anti a usipa mwandikumbutsa Neria, mayi anga malemu ankaikonda. Mwana wa msodzi, tandiuza msuweni wakoyo anaipeza kuti The Last Fishing Boat, ine ndimaima pa siteji ya njinga kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi mbali ya msika, ngati ndi yogula ndigula.

che_wa_malindi anayankha:

Salaam aleikum nonse, ndafika mochedwa. Ine ndine wamkulu pang'ono kwa ambiri a inu, mafilimu ndinayamba kuonera nthawi ya matepi, sho yake ya mpanda wa bango, panja bolodi lolembedwa ndi choko, jenereta ikulira kumbuyo, ana opanda ndalama akusuzumira m'mipata mpaka mwini sho awathire madzi. Nthawi imeneyo Disco Dancer ya 1982 inkadzadzitsa sho kuposa Rambo, anthu kuno amakonda zachimwenye kuyambira kale, ndiye za RRR sindikudabwa.

Mwezi uno adzukulu anandiikira Titanic ya 1997. Zachikondi za Jack ndi Rose ndi za achinyamata, ine ndinazidutsa ndi maso okha, koma kuyambira pomwe sitima yagunda mpaka kumira sindinaphethire. Amene anayendapo pamadzi mwera utakalipa amadziwa mantha amenewo, madzi akayamba kulowa munthu amasintha, wina amapemphera wina amakankha mnzake. Anaonetsa bwino mmene osauka a pansi anavutikira kufika ku mabwato opulumukira pomwe olemera anali kale pamwamba, ndi oyimba aja amene anapitiriza kuyimba sitima ikupendekeka. Anthu oposa 1,500 anafa usiku umenewo mu April 1912. Ndaipatsa 8.

Koma poonera mtima wanga unali pa Vipya. Achinyamata ambiri mumadutsa pa nsanja ya wotchi ija pafupi ndi mlatho tsiku ndi tsiku osaima kuwerenga chikumbutso chili pamenepo. Sitima ya Vipya inamira pa nyanja yathu yomweyi mu July 1946, kumpoto kufupi ndi Chitimba, mphepo itakula, ndipo anthu 145 anathera m'madzi. Inali sitima yatsopano. Ilala imene mumaiona ku Monkey Bay inabwera pambuyo pake, inayamba kuyenda mu 1951. Pamalo omwewo pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu August 1914 inawombera sitima ya Ajeremani kutsidya la nyanja nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Dziko lonse likulira Titanic chifukwa wina anaijambula bwino, za Vipya ngakhale mdzukulu wanga wa Fomu 3 anali asanamvepo mpaka nditamuuza usiku womwewo.

Ndiye aphunzitsi a ku Namwera, inu muli ndi ana olemba bwino m'kalasi, komanso mwina pano pali odziwana ndi ojambula mafilimu a ku Blantyre ndi Lilongwe, auzeni kuti nkhani ya Vipya ikudikira. Nyanja ilipo, akuluakulu amene anamva nkhaniyi kwa makolo awo akadalipo ochepa m'midzi ya m'mphepete, apite akawafunse asanathe. Nanenso The Last Fishing Boat ndikuifuna, mwana wa msodzi ukayankha a kabaza undiuzenso ine, Loweruka ndibwera pa Boma kudzagula mankhwala a mbuzi.